Chiyambi cha mkangano wa analog ndi digital pakati pa oimba

Mu 1983 kampani ya Yamaha ya ku Japan inatulutsa kiyibodi ya digital yotchedwa DX7, ndipo pasanathe zaka zambiri oimba ochuluka anali atagulitsa ma synthesizer awo akale a analog, zida zoimbira zopanga zokha mawu ndi magetsi, pamtengo wolira. Mkangano womwe sukutha m'masitudiyo lero, woti kodi chida cha digital (chopanga mawu ndi masamu a kompyuta) chotsanzira cha analog (chopanga mawu ndi mphamvu ya magetsi basi) chingalire ngati chenichenicho, gwero lake ndi pamenepo.

Chomwe ankathawa oimbawo chinali chomveka. Minimoog, synthesizer ya analog yomwe kampani ya Robert Moog inayamba kupanga mu 1970 ku Trumansburg m'chigawo cha New York, inalibe kompyuta mkati. Mawu ankachokera ku mphamvu ya magetsi yoyenda m'tizipangizo, n'kudutsa mu filter yowasefa. Inkatulutsa liwu limodzi lokha pa nthawi. Ukaiyatsa unkadikira kaye kuti itenthe, apo ayi chuni chinkasokonekera, ndipo pasiteji pakatentha chinkathanso kusuntha nyimbo ili mkati. Ukapeza kaliridwe kokugwira mtima panalibe pokasunga. Woimba ankachita kujambula papepala pomwe wasiya batani lililonse lopotokola, mawa n'kuyambanso kufunafuna. Prophet-5 ya Dave Smith, yomwe inatuluka ku California mu 1978, inathetsa vuto la kusungali ndipo inkaimba mawu asanu pamodzi, koma mtengo wake unali wa anthu a ndalama.

DX7 inabwera ndi nzeru yopangira mawu yotchedwa FM, yomwe John Chowning anatulukira pa yunivesite ya Stanford. Mawu ake ankapangidwa ndi masamu. Chuni sichinkasuntha, inkaimba mawu 16 nthawi imodzi, ndipo inkagulidwa pafupifupi madola 2,000. Inagulidwa ngati zitumbuwa zamoto, kupitirira 150,000. Koma pamwamba pake panalibe mabatani opotokola aja. Panali kagalasi kakang'ono ndi timabatani tofwaphatika, moti kusintha kaliridwe kunali chintchito, ndipo ambiri ankangoimba mawu omwe anabwera nacho kuchokera ku fakitale. Pofika 1987 kampani ya Smith inali itagulidwa ndi Yamaha, ya Moog nayo itagwa. Mwiniwake Moog anadzatenganso ufulu wogwiritsa ntchito dzina lake pamalonda mu 2002.

Amene anadzutsa zida zakalezi sanali olemera ayi. TB-303 ya kampani ya Roland, kabokosi ka analog kopangidwa mu 1981 kuti kaziimba m'malo mwa gitala ya besi, kanakanika pamsika n'kuyamba kupezeka motchipa m'masitolo a zinthu zakale. Anyamata a ku Chicago anakatola, n'kumapotokola mabatani ake nyimbo ikulira, ndipo pofika 1987 panabadwa chamba cha nyimbo zovina cha acid house. Dziko litamva, mitengo ya zida zotayidwa zija inayamba kukwera.

Apa m'pomwe kampani ya Clavia ya ku Sweden inaona mpata. Mu 1995 inatulutsa Nord Lead, kiyibodi yofiira yomwe mkati mwake ndi digital koma pamwamba yodzaza ndi mabatani opotokola, ndipo dzina loti virtual analog linafala nayo. Panatsatira JP-8000 ya Roland, Virus ya Access ya ku Germany, kenako microKORG mu 2002. Mapulogalamu a pakompyuta nawonso analowerera, monga a kampani ya Arturia ya ku Grenoble ku France, omwe ankaonetsa chithunzi cha Moog pagalasi n'kumayesa kulira ngati iyo.

Odandaula anali ndi mfundo, makamaka pa zida zoyambirirazo. Ukakwera ku mawu apamwamba kwambiri pankamveka kakulira kachilendo komwe akatswiri amati aliasing. Ukapotokola filter pang'onopang'ono, pa zida zina mawu ankasintha modumphadumpha m'malo moyenda myaa, chifukwa makina akuwerenga masitepe owerengeka. Komanso noti iliyonse inkatuluka yofanana ndendende ndi inzake. Pa chida cha analog cha mawu angapo, liwu lililonse lili ndi tizipangizo take, ndipo timasiyana pang'ono, moti ukadina makiyi atatu pamodzi pamakhala kakugwedezeka komwe oimba amati kufunda kapena kunenepa kwa mawu. Ine ndimaona kuti mtima wa nkhaniyi uli pomwepa. Chomwe anthu akulira lero ndi chilema chomwe chija anachithawa mu 1983.

Opanga zida anamva. Mu 2014 Roland inabwera ndi njira yotchedwa ACB, yotsanzira khalidwe la kachipangizo kalikonse ka m'zida zake zakale, ndipo mu 2015 inatulutsa timabokosi ta Boutique totengera Jupiter-8, Juno-106 ndi JX-3P. Ena anakondwa kuti kaliridwe kayandikira kwambiri. Ena anakwiya. JP-08, kabokosi kotengera Jupiter-8 kaja, inkaimba mawu anayi okha pomwe Jupiter-8 ya 1981 inkaimba asanu ndi atatu, timabatani ta JP-08 n'tating'ono mopanikiza zala, ndipo chinawapweteka kwambiri n'choti kampani ya Korg inali itabwezeretsa kale chida chake chakale, MS-20 ya analog yeniyeni, mu 2013. Ankafunsa kuti ngati anzawo atha, Roland ikukaniranji?

Pali mfundo ina yomwe okonda analog sakonda kuitchula. Juno-106 ya 1984, yomwe ambiri amailumbirira, chuni chake chimagwiridwa ndi wotchi ya digital. Malire a mbali ziwirizi sanakhalepo owongoka. Ndipo Dave Smith atabwezeretsa Prophet-5 mu 2020, zipangizo zamakono zinali zokhazikika kwambiri moti anaikapo batani lolembedwa Vintage, loti woimba azionjezera yekha kusakhazikika kwa kale kuja. Chida cha analog chenicheni nacho chinafunika kuphunzitsidwa kulakwitsa.

Kwa ine, woimba amene amati chida chakale chimamuimbitsa mosiyana akunena zoona, ndipo sayenera kusekedwa. Dzanja likagwira batani lalikulu, khutu n'kumva kusintha pompo, munthu amapeka mosiyana ndi amene akuloza ndi mausi. Koma zimenezo ndi za manja kuposa za magetsi, ndipo Clavia inazizindikira kalekale. Chomwe sindivomereza ndi kunyoza mnyamata wopanga nyimbo pa laputopu kuti mawu ake ndi abodza. Nyimbo ikasakanizidwa ndi ng'oma, besi ndi mawu a woimba, ndi ochepa amene angaloze molimba mtima kuti apa ndi analog, apa ndi digital. Juno-106 yeniyeni masiku ano imafuna ndalama zambiri, ndipo timachipu take ta 80017A timadziwika kuti timafa ndi ukalamba, liwu limodzi n'kungoti zii pakati pa nyimbo.