Musanakweche purosesa, ndiuzeni kaye tsiku lomwe munachotsa fumbi

Sabata ino yokha anthu atatu andifunsa funso limodzimodzi, wina pa WhatsApp, awiri atandipeza pa benchi yanga yokonzerapo makompyuta m'tauni muno. "Achimwene, ndikaikweza liwiro kompyuta ikutentha ngati mbaula. Bwanji nditakwecha pamwamba pa purosesa ndi sandipepa?" Okutobala akangofika mu Harare, funso limeneli limandiunjirira ngati ntchentche pa mango. Ndatopa nalo, ndiye ndilembe kamodzi kuti ndizingotumiza.

Inde, zimatheka, ndipo ineyo ndachitapo kangapo. Chitsulo chomwe mumachiona pamwamba pa purosesa, ubongo wa kompyuta uja, ndi chivundikiro chabe, cha mkuwa wokutidwa ndi nickel. Chimateteza kachipangizo kenikeni komwe kali pansi pake, n'kumamwaza kutentha kuti heatsink, choziziritsira chachitsulo chomwe chimakhala pamwamba pake, ikulandire. Chivundikirochi sichikhala chosalala ndendende. China chimalowa pakati ngati mbale, china chimatukuka. Pomwe zitsulo ziwirizi sizikugundana pamadzaza pesiti, phala lopititsa kutentha lomwe timapaka pakati pake, ndipo pesiti, idule bwanji, singapititse kutentha ngati mkuwa. Mukasalaza chivundikirocho pesiti imatsala yopyapyala, kutentha kumadutsa msanga. Kukwecha kumeneku pa YouTube amati lapping. Nzeru yake si yabodza.

Bodza lili pa kuchuluka kwa phindu. Mwa zomwe ndakwecha ndi manja angawa, ndimatsitsa madigiri 2, 3, zikakoma kwambiri 5. Ina ndinatha nayo ola lathunthu, osasintha kanthu, chifukwa inali yosalala kale. Tsono anthu omwe amandifunsawa kompyuta zawo zikugunda 95 kapena 100. Chotsani 3 pa 100, mwatsala ndi zingati? Mukadali pamoto pomwepo.

Kompyuta yomwe ikufika pamenepo ili ndi matenda ena, ndipo kawirikawiri ndi matenda otchipa. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, mpweya wake ndi wopepukirapo poyerekeza ndi wa m'mbali mwa nyanja, ndiye fani yomweyo imanyamula kutentha kocheperapo kuno. Onjezani fumbi la Ogasiti mpaka mvula itagwa. Ndikamasula fani pa heatsink ya kompyuta ya ku Mbare kapena ku Dzivarasekwa, ndimasenda fumbi lolukana ngati bulangete, lochoka lathunthu ndi zala ziwiri. Pansi pake pesiti yauma, yang'aluka ngati dambo m'chilimwe. Ndikalowa mu BIOS, momwe timasinthira makonzedwe a kompyuta ikangoyaka, ndimapeza munthu wakweza liwiro koma voltage, mphamvu ya magetsi opita ku purosesa, waisiya pa Auto, ndipo motherboard, bolodi lalikulu lolumikizapo zipangizo zonse, ikamadzisankhira yokha imakonda kupereka yochuluka kuposa yofunika. Kutentha sikukwera mofanana ndi voltage, kumakwera moichulukitsa ndi iyo yomwe. Mukatsitsa voltage kuchoka pa 1.40 kufika pa 1.30, liwiro lili lomwelo, mwadula pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 7 a moto womwe purosesa imatulutsa ikamagwira ntchito. Palibe sandipepa yomwe ingakupatseni zimenezo. Koma izi sizikoma kuonera pa vidiyo, n'chifukwa chake simuziona.

Pali nkhani imodzi yomwe imandisowetsabe mtendere. Mnyamata wina wa ku Mufakose, mayi ake timapemphera nawo limodzi, agogo ake anachokera ku Dedza kalekale kudzafuna ntchito ngati mmene anabwerera athu. Iyeyu amakonza mavidiyo a maukwati ndi a ziliza, ndipo ndi waluso ndithu. Amalume ake a ku Johannesburg anamutumizira zipangizo pa basi, chimodzichimodzi, kwa miyezi yambiri, mpaka kompyuta inakwana. Choziziritsira chokha, cha madzi chija, anagula chogwiritsidwapo kale ntchito.

Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi anandithamangira. "Amalume, kodi kukwecha purosesa kumathandizadi?" Ine maso anali pa kombi yomwe inali kudzaza. Ndinati, "Kumathandiza pang'ono," n'kukwera. Sindinamufunse kuti bwanji wafunsa. Sindinamufunse kuti ikufika madigiri angati, ikufikapo pakatha nthawi yaitali bwanji. Akuluakulu amati safunsa anadya phula, koma mwanayu anafunsa. Wosafunsa ndinali ine.

Patatha masabata atatu anafika ndi kompyuta ataikulunga mu thaulo. Sikuyaka. Purosesa anaikwechera pa tebulo lamatabwa la kukhitchini, ndi sandipepa yokhakhala ya nambala 120 ya akalipentala, akuzunguliza uku akukanikiza ndi chala. Nditaika lezala choimika pamwamba pake n'kuyang'ana kuwala, kuwala kunalowa m'makona onse anayi. Anaisandutsa chulu. Kunsi sanamate ndi chilichonse, ndiye madzi osakanikirana ndi phulusa la mkuwa anayenderera mpaka pa timadontho tagolide tolumikizira magetsi, ndipo ka capacitor kamodzi, kachipangizo kamagetsi kochepa kuposa kambewu ka mapira, kanali katachoka. Pamalo pake panangotsala timabala tiwiri tonyezimira.

Ndinaikamo purosesa yanga yoyesera. Kompyuta inayaka, koma ndili mu BIOS momwemo, isakugwira ntchito iliyonse, kutentha kunali kukwera ngati madzi a m'ketulo. Ndinagwira pampu yoyendetsa madzi m'choziziritsira chija, zii. Ndinagwira radiator, momwe madziwo amakataya kutentha, yozizira ngati mwala wa m'mawa. Pampu inali itafa, mwina kuyambira tsiku lomwe anaigula. Mafani ake ankazungulira bwinobwino, nyali zake zikuthwanima, n'chifukwa chake sanaikayikire. Purosesa ija inalibe mlandu uliwonse. Mankhwala ake anali heatsink wamba ya mpweya, yotchipa kutalitali poyerekeza ndi chomwe anaononga.

Anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati, "Komatu amalume munati zimathandiza." Anali ndi mavidiyo a maukwati atatu osamaliza, ndalama atalandira kale.

Kuyambira pamenepo ndimayamba ndi mafunso, ndipo loyamba ndi lakuti purosesa yanu ndi iti, chifukwa kwa zambiri vuto silili pamwamba pa chivundikiro. Lili pansi pake. Mapurosesa a Intel a Sandy Bridge a 2011, monga i5-2500K, anali owotcherera chivundikiro ndi solder, chitsulo chosungunula chomatira. Pofika 2012 pa Ivy Bridge anayamba kuikamo pesiti m'katimo, ndipo zinapitirira pa 4770K, 6700K, 7700K mpaka 8700K, asanabwerere ku solder pa 9900K mu 2018. Ambiri mwa makompyuta akale omwe amagulitsidwa m'tauni muno ndi a zaka zimenezo. Mungakweche pamwamba mpaka mudzionepo nkhope, kutentha kukanirirabe m'kati. Chomwe chimathandiza pa amenewo ndi kuchotsa chivundikiro chonse n'kusintha pesiti ya m'katiyo, ndipo pali kachida kake kochitira zimenezi, monga kamene anapanga Roman Hartung wa ku Germany, yemwe amadziwika kuti der8auer. Osati lezala, chonde. Ndipo musayesere pa purosesa yowotcherera, monga ma Ryzen ambiri a kampani ya AMD, mudzazula ndi mtima womwe.

Za LGA1700, soketi ya Intel yoikamo purosesa yomwe inabwera mu 2021, nazo n'zina. Purosesa yake ndi yaitali, ndipo chitsulo choipanira chimakanikiza pakati m'mbali zonse ziwiri mpaka imapindika pang'ono. Ndiye inu muisalaze bwinobwino pa galasi, muiike mu soketi, mutseke, yapindikanso. Mwakwechera chiyani? Pamenepo pamafunika contact frame, ya Thermalright kapena ya Thermal Grizzly, yomwe imapana mofanana mbali zonse. Dziwaninso kuti opanga ma heatsink ena amatukula pansi pake dala kuti pagwirizane ndi chivundikiro cholowa pakati. Kampani ya Noctua mu 2024 inatulutsa heatsink ya NH-D15 G2 m'mitundu itatu, yosiyana pa katukukidwe ka pansipo basi. Mukasalaza mbali imodzi osaganizira inzake mukhoza kuononga ukwati womwe unali bwino. A Ryzen 7000 inunso khalani pansi: amenewo anapangidwa kuti azidzikweza okha liwiro mpaka kutentha kufike madigiri 95 akapatsidwa ntchito yolemetsa. Si matenda.

Waranti ndiye iwalani. Zilembo ndi manambala a pa chivundikiro ndi zomwe zimachoka koyambirira, ndipo palibe sitolo kapena kampani yomwe ingalandire purosesa yopanda dzina. Wina anganene kuti waranti ya katundu wobwera pa basi ndi ya ntchito yanji. Mu 2024 Intel inavomereza kuti mapurosesa ena a m'badwo wa 13 ndi 14 amafooka chifukwa cha voltage yokwera, ndipo inaonjezera waranti yawo ndi zaka ziwiri. Yemwe anali atakwecha yake anangoonerera. Ngakhale pogulitsa, ndani angakupatseni madola ake pa chitsulo chofiira chomwe mukungolumbira kuti ndi i7?

Tsopano za anyamata a m'makhonde, omwe dzulo ankagulitsa makava a foni, lero ndi akatswiri a overclocking, kukweza liwiro kuja. Ndalandirapo purosesa yomwe anaipala ndi giraindala, mizere yake ngati munda wolima ndi ng'ombe. Ndalandirapo ina yopakidwa mankhwala otsukira mano m'malo mwa pesiti. Choopsa kwambiri ndi liquid metal, chitsulo chamadzimadzi chomwe ena amapaka m'malo mwa pesiti, m'manja mwa munthu wosaidziwa. Muli gallium, yomwe imadya aluminiyamu mpaka kunyenyeka ngati bisiketi, ndipo imadutsa magetsi, kadontho kamodzi kakagwera pa motherboard nkhani yatha. Munthu akakuuzani mtengo wokwechera asanayeze kutentha pamaso panu, asanaike lezala pa chivundikiro, nyamulani katundu wanu muzipita. Komanso musazengereze mukaona zizindikiro. Kompyuta yomwe ikufika 90 pasanathe mphindi imodzi ili chikhalire, kapena ikuzima yokha, izimitseni lero lomwe. Purosesa imadziteteza podzichepetsa liwiro ikafika cha m'ma 100, n'zoona, koma si zoti muziisiya pamenepo miyezi mukudikira malipiro a mwezi wa mawa.

Nanga woyenera kukwecha ndani? Yemwe fumbi wachotsa, pesiti wasintha, heatsink wamanga mofanana makona onse, voltage watsitsa mpaka pomwe kompyuta ikulolera, wayesa ndi lezala n'kuonadi kuwala kukudutsa pakati, waranti inatha, ndipo purosesayo itafa sagona ndi njala. Ameneyo apeze galasi lochindikala, amatepo sandipepa ya madzi, ayambe ndi ya nambala 400, kenako zosalalirapo za 600, 800, 1000. Ajambule kaye zilembo zija ndi foni. Kunsi amate ndi tepi, asasiye mpata, ndipo ngati ndi ya AMD ya soketi ya AM4, ya mapini 1,331 kunsi ija, asamale kawiri. Alembe mtanda ndi cholembera cha maka pamwamba pake kuti aziona pomwe pakudyeka. Timadontho ta madzi tochepa, kukankha molunjika kupita ndi kubwera, osakanikiza, kutembenuza purosesa pafupipafupi kuti mbali zonse zidyeke mofanana. Mkuwa ukaoneka paliponse mofanana, basi, siyani. Kunyezimira ngati kalilole n'kwa chithunzi, ndipo mukadya chitsulo chambiri heatsink imasiya kukanikiza mokwanira. Atsuke ndi spiriti wotchedwa isopropyl, aisiye iume bwinobwino asanaibwezere.

Mnyamata wa ku Mufakose uja ndinamubwereka purosesa yanga yoyesera kwa miyezi iwiri mpaka anamaliza maukwati ake. Mayi ake anabwera kudzathokoza ndi nkhuku, ndipo ndinailandira ndi manyazi. Ngati mukufuna kundifunsa za kukwecha, tumizani dzina la purosesa, la heatsink, voltage yomwe ili mu BIOS, ndi chithunzi cha m'kati mwa kesi mutamasula fani.