Waya wa earth wa masensa: momwe mungaudziwire ndi kuubwezera pamalo pake

Lole yakale ikangochokera kokonzetsa injini n'kuyamba kudya mafuta mopitirira muyezo, kutulutsa utsi wakuda kapena kuzima ikaima, ambiri amathamangira kukagula sensa yatsopano. Pa ntchito yanga yokonza magetsi a galimoto ndaona kuti kawirikawiri sensayo imakhala ilibe vuto, koma pali kawaya kamodzi kamene kanasiyidwa kakulendewera kuseri kwa injini pamene amakaniko ankabwezeretsa zinthu. Kawaya kameneka ndi ka earth, njira imene magetsi amabwerera ku batire akamaliza ntchito yake.

Chofunika kumvetsa choyamba ndi chakuti galimoto yokhala ndi kompyuta ya injini ili ndi ma earth amitundu iwiri. Pali earth yaikulu, chingwe chokhuthala chochokera ku mbali ya negative ya batire kupita pa injini ndi pa chasisi, chimene chimanyamula magetsi ochuluka a sitata. Palinso earth ya masensa, imene siikhudza chitsulo chilichonse panjira koma imabwerera mwachindunji ku kompyuta, ndipo kompyutayo ndi imene imalumikizidwa pa injini ndi mawaya akeake. Toyota imalemba earth ya masensa kuti E2 ndi ya kompyuta kuti E1, pamene Ford imaitchula ya masensa kuti SIG RTN.

Anazisiyanitsa pa chifukwa chomveka. Kompyuta imatumiza mavolti 5 ku masensa monga ya throttle (chitseko cha mpweya cholamulidwa ndi chopondera moto) ndi ya mphamvu ya mpweya wolowa mu injini, kenako imayeza amene abwerako powayerekeza ndi earth yakeyo. Sensa ya oxygen (yoyeza mpweya wa mu utsi wotuluka) yamtundu wakale imasinthasintha pakati pa mavolti 0.1 ndi 0.9 basi, kotero ngati earth yasokonekera ndi mavolti 0.2 okha, kompyuta imawerenga zabodza ndipo imapereka mafuta molakwika. Ichi n'chifukwa chake ndimaletsa kwambiri chizolowezi chotenga waya wa earth ya sensa woduka n'kuumanga pa bawuti iliyonse yapafupi. Injini imalira ndithu, koma magetsi a alternator, a fani ndi a nyali amene amayenda m'chitsulomo amayamba kulowerera m'miyezo ya sensa.

Earth ya masensa ikaduka kotheratu, imadziwika msanga kwa amene amadziwa kuyang'ana. Popeza masensa angapo amagwiritsa ntchito waya umodzi womwewo, zolakwika zimaoneka pa masensa atatu kapena anayi nthawi imodzi, ndipo onse amasonyeza mavolti okwera kufika pafupi ndi 5. Sensa ya kutentha kwa madzi imaonetsa ngati madziwo azizira kufika madigiri 40 pansi pa ziro ngakhale injini ili yotentha. Masensa anayi saonongeka tsiku limodzi, choncho muyenera kufufuza chimene chimawalumikiza onsewo.

Mukapeza waya wolendewera, yambani ndi kumapeto kwake. Ngati uli ndi kamphete kachitsulo kolowetsa bawuti, makamaka ngati mawaya awiri kapena atatu akumana pa kamphete kamodzi, nthawi zambiri imakhala earth ya kompyuta imene malo ake ndi pa manifold (mapaipi olowetsa mpweya mu injini) kapena pa cylinder head (mutu wa injini). Komabe musafulumire, chifukwa mawaya onyamula moto a sitata ndi alternator alinso ndi timphete totere, ndipo kuwamanga pa chitsulo kungawotche mawaya onse. Mtundu wa waya umathandiza koma sudalirika pawokha: galimoto za ku Germany zimagwiritsa ntchito wabulauni, zambiri za ku America wakuda, pamene pa Toyota earth ya pachitsulo imakhala yoyera yokhala ndi mzere wakuda. Pa lole imene yadutsa m'manja mwa anthu ambiri, mitundu imeneyi ikhoza kukhala itasinthidwa kalekale. Chodalirika ndi chithunzi cha mawaya cha galimoto yanuyo ndi multimeter, mita yoyezera magetsi. Yezani kaye ngati wayawo uli ndi moto kiyi atayatsidwa, kenako chotsani negative ya batire, zulani pulagi ya kompyuta, ndipo muyeze kuti wayawo ukufika pa pini iti. Musagwiritse ntchito babu yoyezera pa mawaya a kompyuta, chifukwa imakoka magetsi ambiri kuposa amene tizipangizo tam'katimo tingapirire.

Pobwezera, palani dzimbiri, penti ndi mafuta mpaka chitsulo chiwale, mangani bawuti mwamphamvu, ndipo pakani girizi pang'ono pamwamba kuti chinyezi chisalowe. Waya woduka ulumikizidwe ndi cholumikizira chopana kapena uwotchereredwe ndi mtovu, osati kungoupota ndi zala n'kuukulunga tepi, pakuti injini ikamanjenjemera mfundo yotere imamasuka. Ikani earth ya kompyuta pamalo pamene fakitale inaika, osati pa bawuti ya sitata. Kumbukiraninso kuti sensa ya waya umodzi, monga yoyendetsa geji ya kutentha pa dashibodi, imapeza earth kudzera m'mazinga ake, ndipo mukaikulunga tepi yambiri yotsekera madzi mwaidula earth ndi manja anu.

Kuyeza ma ohms (muyezo wosonyeza ngati waya ukudutsitsa magetsi mosavuta) pakutha pa ntchito sikukwanira, chifukwa ngakhale kachingwe kamodzi kotsala m'kati mwa waya wodyeka kamaonetsa ngati zonse zili bwino. Lizani injini, yatsani nyali ndi fani, ikani waya wakuda wa mita pa negative ya batire ndi wofiira pa earth ya sensa popanda kuzula pulagi. Mita ikhale pa mavolti, ndipo isapitirire 0.1. Chitaninso chimodzimodzi pakati pa batire ndi injini wina akuliza sitata, ndipo apa isapitirire mavolti 0.3. Ikapitirira, konzani chingwe chachikulucho musanachite china chilichonse, chifukwa chikakhala chofooka magetsi a sitata amafuna njira ina yobwerera, ndipo akadutsa m'timawaya ta kompyuta amatiwotcha pamodzi ndi kompyutayo.