Kabomba ka mphumu kamatsegula njira, koma kutupa kumatsala

Chisanu cha Juni chikangoyamba kuno ku Angónia, pabenchi ya chipatala pamadzaza anthu oti m'chifuwa mukulira mluzu, ena kuyankhula mawu atatu okha mpaka apume kaye. Ndiye funso lake ndi lomwelomwelo, adokotala kabomba aka kopopera mankhwala a mphumu sikandizolowetsa? Ayi ndithu mayi, sikazolowetsa, koma tamvani mmene kamagwirira ntchito.

Mpweya umayenda m'mapapo kudzera m'timapaipi ting'onoting'ono tozunguliridwa ndi timinofu. Wa mphumu akakumana ndi utsi wa nkhuni, fumbi kapena mphepo yozizira timinofuto timakungika ngati mwamanga kukamwa kwa thumba, mkatimo mumatupa komanso mumadzaza makhololo, mpweya kulowa umalowako koma kuti utuluke ndiye nkhondo. Salbutamol, kabomba kabuluu kaja, amamasula timinofuto. Pakatha mphindi ngati 5 munthu wayamba kupezako bwino, mphamvu yake imakhala maola 4 mpaka 6. Manja kunjenjemera ndi mtima kuthamanga pang'ono zimachitika, zimatha zokha.

Pa makina oyezera mapapo timaona mpweya womwe munthu watulutsa pa sekondi yoyamba, asanapope ndi atapopa. Kwa wa mphumu kawirikawiri umakwera ndi 12% komanso 200 ml kapena kuposa. Koma agogo oti asuta chingambwe zaka zambiri, kapena mayi wophika moyo wonse m'khitchini yopanda zenera, matenda aja timati COPD, sukwera choncho poti mapapo anaonongeka kale. Bomba imawachepetsera befu kuti afike kudimba, zowonongekazo sibweza.

Chimene chimandiwawa ine ndi kapopedwe. Ambiri amapopera pa lilime, mankhwala onse kuthera mkamwa. Khutchumulani kabombako, tulutsani mpweya, popani kamodzi uku mukukoka pang'onopang'ono, kenako gwirani mpweya masekondi 10. Kwa mwana timaboola pansi pa botolo la pulasitiki la 500 ml n'kulowetsapo bomba, iye n'kumapumira kukamwa kwa botololo, zimathandiza kwabasi.

Tsono ngati kabuluu mukukafuna kuposa kawiri pa sabata, kapena chifuwa chikukudzutsani usiku, ndiye kuti kutupa kuja kukadalipo ndipo salbutamol sakukhudza n'komwe. Pamenepo pamafunika bomba ina ngati beclometasone yopopa tsiku lililonse ngakhale muli bwino, mukatha n'kuchukucha mkamwa. Ndipo mukapopa koma befu osasintha, milomo yayamba kuda, musadikire kuche, thamangirani kuchipatala usiku womwewo.