Khoma Lalikulu la ku China silinamangidwe ndi mfumu imodzi

Ambiri amaganiza kuti Khoma Lalikulu la ku China ndi linga limodzi lomwe anamanga Qin Shi Huang. Si zoona. Mfumuyi itagwirizanitsa dzikolo m'chaka cha 221 Yesu asanabadwe, inalumikiza ndi kutalikitsa malinga akale a maufumu omwe inagonjetsa. Ambiri anali a dothi lotsendereza, ndipo mvula ndi mphepo zinawakokolola kalekale.

Khoma la njerwa ndi miyala lomwe timaliona pa zithunzi za ku Badaling, kufupi ndi Beijing, ndi la mafumu a Ming, omwe analamulira kuyambira 1368 mpaka 1644. Mu 2012 boma la China linalengeza kuti zigawo zonse za khomali, zakale ndi za a Ming zomwe, zikwana makilomita 21,196.

Lingalo silinatsekereze adani onse. Mu 1644 mkulu wa asilikali a Ming, Wu Sangui, anatsegula chipata cha Shanhai, asilikali a Manchu, mtundu wa anthu ochokera kumpoto chakum'mawa, n'kulowa.