Si afiti amene akumeta anthu usiku

Ndatopa nayo nkhani yakalekale yoti munthu akadzuka ndi kachigamba kopanda tsitsi m'mutu ndiye kuti afiti amumeta usiku.

Tayang'anitsitsani pamalopo. Pakamayabwa, pali mfundu ndi titsitsi toduka, makamaka kwa mwana, kawirikawiri chimakhala chipere. Chimafala pobwerekana chipeso kapena makina ometera, ndipo cha m'mutu chimafuna mankhwala akumwa. Odzola okha sachimaliza. Pakakhala posalala, pozungulira ngati ndalama yachitsulo, mwina ndi alopecia areata: chitetezo cha m'thupi chikulimbana ndi mizu ya tsitsi. Nthawi zambiri limameranso.

Kuchipatala angathe kupala khungulo pang'ono n'kuliunika pa maikulosikopu. Musanafalitse za afitizo, m'funseni kaye wokuuzaniyo ngati mutuwo anakaupimitsa.