Mkangano wa kalilole ku Brookhaven

Nkhani yakuti makina a RHIC owombanitsa mitima ya maatomu ku labotale ya Brookhaven, m'dera la New York, akusiyira malo makina atsopano otchedwa Electron-Ion Collider yadzutsanso pakati pa ife aphunzitsi a fizikisi kuno ku Mangochi funso lakale: kodi mphamvu yomanga mtima wa atomu imasiyanitsa dzanja lamanja ndi lamanzere?

Mu 1957 wasayansi Chien-Shiung Wu anatsimikiza ndi chitsulo cha cobalt-60 kuti mphamvu yofooka, yomwe imasandutsa mitima ina ya maatomu, imachita mosiyana ndi chithunzi chake cha m'kalilole, momwe manja amaoneka manzere, koma mphamvu yaikulu yomanga ma quark, tinthu ting'onoting'ono topanga mapulotoni ndi manyutuloni a mumtima wa atomu, sinapezekepo ndi khalidwe limeneli. Mu 2004 wasayansi Dmitri Kharzeev anati ikhoza kutero kwa kamphindi, mitima iwiri ya golide ikawombana mokhudzana m'mbali. Mapulotoni odutsana amapanga maginito amphamvu zedi, ndipo ngati m'phala lotentha la ozungulira chakumanja achuluka kuposa ozungulira chakumanzere, chaji ya pozitivi imathamangira mbali imodzi, ya negativi mbali inayo. Sergei Voloshin anakonza njira yoyezera kupatukanako, ndipo mu 2009 gulu la STAR, la ofufuza ogwiritsa ntchito makina a RHIC, linalengeza kuti laona chizindikiro chofanana ndi chomwe chinaloseredwa.

Otsutsa sanachedwe, ndipo mfundo yawo msodzi aliyense wa ku Makawa angaimve: madzi akachita mafunde ang'onoang'ono, sikuti nthawi zonse pansi pali usipa, mwina ndi mphepo chabe. Iwo anati tinthu ta pozitivi ndi negativi timabadwa tiwiritiwiri, ndipo phala likamafalikira kwambiri mbali imodzi, limabereka chizindikiro chomwecho popanda kalilole kusweka. Mu 2017 gulu la ofufuza la CMS ku labotale ya CERN, ku Ulaya, linachiona powombanitsa pulotoni ndi mtovu, pomwe sichinkayembekezeka, ndipo umboni umenewu, kunena chilungamo, ndi wolemera.

Pomwe nkhaniyi inakhotera, m'kuona kwanga, ndi mu 2018, pamene STAR inawombanitsa ruthenium-96 yokhayokha ndi zirconium-96 yokhayokha mosinthanasinthana. Zonsezi zili ndi tinthu 96 mumtima (mapulotoni ndi manyutuloni pamodzi), koma ruthenium ili ndi mapulotoni 44 pomwe zirconium ili ndi 40, motero mphepo ija inayenera kufanana, maginito okha ndi amene akanakula mu ruthenium. Ofufuzawo anadzimanga okha m'maso: anagwirizana njira zowerengera komanso chomwe adzachitche umboni asanauzidwe kuti deta iyi ndi ya chitsulo chiti, kuti chikhumbo cha mtima chisalowerere m'masamu. Zotsatira zinatuluka mu 2021, ndipo chizindikiro chomwe anagwirizanacho sichinaoneke. Ruthenium inatsalira pang'ono kumbuyo kwa zirconium.

Anzanga ena amati mlandu unathera pamenepo, koma lipoti la STAR silinanene kuti kupatukanako kulibe. Linasonyeza kuti mitima iwiriyi sinali mapasa monga ankaganizira, chifukwa kuchuluka kwa tinthu totuluka ndi kafalikidwe kake zinasiyana, ndipo mphepo yosiyanayo ikhoza kuphimba chizindikiro chaching'ono. Pomwe akatswiri sanagwirizanebe ndi pa kukula kwa gawo lotsala mukachotsa mphepoyo. Kharzeev alinso ndi pogwira, pakuti mu 2016 iye ndi anzake anafalitsa umboni wa khalidwe lomweli m'kristalo ya zirconium pentatelluride, ngakhale kuti kristalo ya mu labotale si phala la ma quark. Deta ya golide yomwe STAR inasonkhanitsa m'zaka zake zomaliza ikuunikidwabe.