Supavaiza akasiya kuyankha, musakhale chete miyezi isanu ndi itatu

Ndatopa nawo mawu akuti "ndimaopa kuwakwiyitsa." Wonena zimenezi amakhala munthu wamkulu ndithu, wa Masters kapena PhD, woti chaputala chake chagona pa desiki ya supavaiza miyezi isanu ndi itatu, iye ali phee, fizi akulipirabe. Pofika podandaula, zaka zomwe yunivesite inamupatsa zatsala pang'ono kutha, ndipo kalendala imeneyo siimirira munthu chifukwa choti supavaiza anatanganidwa.

Kusintha supavaiza si mlandu. Buku la malamulo a postgraduate la sukulu yanu limafotokoza njira yake, kungoti ambiri simunalitsegulepo. Koma komiti yoona pempho lanu sigwira ntchito ndi misozi, imafuna masiku. Mukangotuluka mu ofesi ya supavaiza, tumizani imelo ya mizere inayi: takumana lero, tagwirizana zakutizakuti, chaputala chibwerera tsiku lakuti. Pa chaputala chimodzi, masabata atatu kapena anayi ndi okwanira. Akadutsa, kumbutsani kawiri polemba, osati pa foni. Kukakhalabe zii, lankhulani ndi supavaiza wachiwiri ngati alipo, kenako woyang'anira ophunzira a postgraduate kapena mkulu wa dipatimenti. Musalumphire kwa Vice Chancellor. Kalatayo idzangotsika kubwerera ku dipatimenti komwe mwadumphako, anthu atakwiya kale. M'kalatamo musalembemo za khalidwe la munthu. Lembani kuti ndinapereka tsiku ili, ndinakumbutsa tsiku ili ndi ili, yankho palibe.

Musanapemphe kusintha, pezani kaye wolowa m'malo, woidziwa nkhani yanu komanso woti sanadzazidwe kale ndi ophunzira. M'madipatimenti athu ang'onoang'ono katswiri wa mutu wanu atha kukhala yemweyo mukufuna kumuthawayo. Zikatero, kupempha kuti awonjezere supavaiza wina kumathandiza kuposa kuchotsa.

Yomwe imandisowetsa mtendere ndi ya wophunzira amene kafukufuku wake ali mkati mwa polojekiti ya supavaiza. Ndalama yoyendera m'midzi inachokera kumeneko, data ili pa kompyuta ya polojekiti, ndipo pa chilolezo cha komiti ya ethics, yomwe imavomereza kafukufuku asanayambe, palembedwa dzina la supavaiza yemweyo. Wophunzirayo akusintha supavaiza mwaukali, osakambirana kanthu, mawa lake akupeza kuti mafayilo amene anavutikira chaka chathunthu sangawatsegulenso. Watsopano uja akuti njira ya kafukufukuyo sakugwirizana nayo, tiyambirenso proposal. Zaka ziwiri zapita pamenepo! N'chifukwa chake ndimaumirira kuti musanasaine fomu, mkulu wa dipatimenti akhalepo, mugwirizane polemba: data muigwiritsa ntchito bwanji, ndalama ya maphunziro ipitirira kapena ayi, mayina a ndani adzakhala pa mapepala osindikizidwa, ndipo watsopanoyo wavomera mutu ndi njira momwe zilili. Kenako dziwitsani komiti yomwe inakupatsani chilolezo, kaya ndi ya yunivesite yanu kaya ndi ya ku NCST, bungwe la boma loona za sayansi, kuti dzina lasintha. Onaninso tsiku lomwe chilolezocho chikutha, chifukwa nthawi zambiri chimakhala cha chaka chimodzi.

Zonsezi ndi za kuchedwa ndi kusamvana. Ngati supavaiza akufuna ndalama kapena chibwenzi kuti awerenge ntchito yanu, palibe zokumbutsa kawiri. Sungani mauthenga onse, kaneneni sabata yomweyo.

Ndipo chonde, pa nthawi yosowa mtengo wogwirayi m'pamene amatulukira anyamata a pa Facebook ndi WhatsApp aja, oti "timalemba thesis, masabata awiri basi." Amadula zidutswa za ntchito za ena n'kupeka manambala. Zokoperazo Turnitin, pulogalamu ya pa kompyuta yofufuza zokopera, imazigwira. Zikapulumuka pamenepo, pali viva, mayeso a pakamwa, pomwe external examiner, woyesa wochokera kunja kwa sukulu yanu, adzakufunsani chifukwa chomwe munafunsira anthu 120 osati 300, ndi momwe munawasankhira. Wolemba uja sadzakhala nanu m'chipindamo, ndipo mlandu wake umafika pochotsedwa sukulu.